Holo Yopanda Kumbuyo

Ndinadandaula koyamba Lolemba lachiwiri la mwezi wa Januwale, chaka chimene mwana wanga wamkazi anayamba sukulu. Kalatayo ndinaitaipa ndekha, pansi pake nditaika pepala la kaboni, ndipo kope lake ndili nalo mpaka lero m'fayilo yobiriwira. Nkhani yake inali imodzi yokha: ophunzira okhala kumbuyo m'holo ya pakoleji pathu sankamva zimene mphunzitsi akunena. Ndinapempha akuluakulu a pakolejipo kuti andiyankhe polemba. Sanandiyankhe.

Dzina la kolejiyo sinditchula. Ena mwa amene anaika kalata yanga m'dirowa anatsogola kale, ndipo otsalawo timakumana pa maliro ndi pa maukwati n'kumapatsana moni wa manja awiri.

Ndinali mphunzitsi wa masamu. Holo imene ndinkaphunzitsiramo inali yaitali ngati chigafa cha fodya: bolodi kumapeto kuno, chitseko kumapeto uko, pakati mabenchi okhomeredwa pansi, onse oyang'ana mbali imodzi. Denga linali la malata, lopanda siling'i. M'chilimwe malatawo ankatiwotcha mitu. M'dzinja mvula ikangoti waa, phunziro lathera pomwepo.

Musaganize kuti ndinali ndi mawu aang'ono. Ine ndinakulira ku Old Town, kuseri kwa masitolo, kumene bambo anga ankakhoma zidebe ndi mbaula kuyambira akachoka ku mzikiti m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Kwathu mwana wolankhula motsitsa ankagona ndi njala, chifukwa panalibe womumva akamapempha. Mawu anga ankafika kutsidya kwa msewu. Koma m'holo muja ankafera pakati, ngati madzi othiridwa pa mchenga.

A kumbuyo ankakopera kwa a patsogolo pawo, amenenso ankakopera kwa ena, moti nambala yochoka pa bolodi ili seveni inkafika pa benchi lomaliza ili wani. Ena ankaima panja n'kuika makope awo pa zenera, madzi a padenga akuwadonthera m'khosi. Malo a kutsogolo ankalanda anyamata othamanga. Atsikana, ndi amene ankachokera kutali pa minibasi, ndiwo ankatsalira kumbuyo. Pochonga mayeso ndinkadziwa benchi la munthu ndisanaone dzina lake. Chimenecho ndicho chinkandisowetsa mtendere: ana anzeru kulephera chifukwa cha denga.

Chaka chilichonse mvula ikayamba ndinkalembanso. Yankho linkabwera la pakamwa, tikakumana m'khonde: "Tamva, Aphunzitsi, nkhaniyi ili m'manja mwa komiti." Komitiyo iyenera kuti inali ndi manja aakulu zedi. Nthawi ina anagula chimkuzamawu, ndipo tinachiwombera m'manja. Koma chinkayendera magetsi, ndipo magetsi a kuno ndi mvula sakhalira limodzi. Iyi ikabwera, awo atsazika. Za chimenechonso ndinalemba.

Nditapuma pa ntchito, mwana wanga uja, amene tsopano ndi mayi wa pakhomo pake, anatitenga ine ndi mayi ake kukakhala ku Area 12, m'nyumba yaing'ono ya kuseri kwa yake. Kumeneko kuli zii. Mipanda italiitali, mitengo, kapinga, ngakhale agalu amauwa mosafuna kudzutsa munthu. Wokulira m'phokoso la nyundo amasowa chochita ndi bata lotere. Ndinapitiriza kulemba.

"Bambo, ntchito munasiya," akazi anga ankatero akandipeza ndikuboola mapepala. "Mafayilo amenewa mudzalowa nawo m'manda? Kumeneko n'kwa nsanda yokha."

"Ine ndinapuma, mayi," ndinkawayankha, "koma denga lija silinapume."

Tsiku lina foni inalira. Anali mayi wina wa ku ofesi ya amisiri ojambula mapulani a nyumba ku City Centre. Anati koleji ija ikufuna kumanga holo yatsopano, ntchito yojambula yapatsidwa kwa iwo, ndipo akufuna kuonana nane. Ndinamufunsa ngati sanalakwitse nambala.

Mwana wanga anati andiperekeze pa galimoto. Ndinakana. Nkhaniyi ndinaiyamba ndikukwera minibasi, sindikanaimaliza nditakhala pa mpando wawofuwofu. Ndinavala jekete, fayilo m'khwapa, n'kuyenda wapansi mpaka ku msewu waukulu, pakuti minibasi sizilowa m'misewu ya m'kati mwa Area 12. Kondakitala ataona fayiloyo anati, "Madala, mukupita kukhoti?" Ine ndinati, "Pafupifupi."

Chikepe chinandikweza mpaka m'mwamba. Mayi wa mapulaniyo anali wamng'ono kwa mwana wanga. Pa tebulo pake panali mulu wa mapepala, ndipo ndinawazindikira ndili pakhomo, pakuti taipi yanga inali ndi chilembo chimodzi chopendama. A pakoleji anamupatsa bokosi la mapepala akale onena za nyumba zawo, ndipo ambiri mwa mapepalawo anali makalata anga. Maenvelopu ena anawapeza ali chimatire. Zimenezo ndazilemba pano kuti zidziwike.

"Takulandirani, Aphunzitsi. Ndawerenga onse."

"Onse?"

"Onse. Ngakhale ija ya chimkuzamawu."

Ndinakhala pansi.

"Bambo anga munawaphunzitsa," anapitiriza. "Ankakhala benchi lomaliza. Amati mvula ikamagwa ankangokuonani pakamwa pakuyenda, ngati mbuzi ikubzikula."

"Anakhoza?"

"Anachita kubwereza."

"Kawauzeni kuti silinali vuto lawo. Tsono inu mayi, mwandiitanira yankho la kalata yanga?"

"Yankho lake ndi ili," anatero, n'kuvundukula nsalu pa tebulo lina.

Pansi pa nsaluyo panali kanyumba ka makatoni. Ndinamuuza kuti ine ndinapempha yankho lolemba, osati katoni. Anaseka, n'kunyamula kadenga kake kuti ndione m'kati.

Ndiyenera kunena zoona, mayiyo anaiganizira ntchito yake. Holoyo sinali yaitali, inali yotakata, kuti pasakhale munthu wotalikirana kwambiri ndi wolankhula. Pansi pa malata anati aikapo chofunda chochindikala chomeza phokoso la mvula ndi kutentha, kenako siling'i ya timabowo kuti mawu asamabwerere. Mazenera ena anali m'mwamba, otulutsa mpweya wotentha, ena m'mbali zonse, kuti masana munthu aziwerenga magetsi atazima. Pansi panali posalala, popanda masitepe, kuti wa pa njinga ya olumala azifika paliponse pamene anzake afika. Makoma onse anali ndi mabolodi. Kunja kunali khonde lalikulu la mabenchi, loti ophunzira azikambiranapo akatuluka. Ndinkangogwedeza mutu. Chilichonse chimene ndinalirira chinalimo.

Kenako ndinaona matebulo. Anali ozungulira, omwazikana m'holo monse, lililonse ndi timipando take molizinga.

"Nanga kutsogolo ndi kuti?" ndinafunsa.

"Kulibe, Aphunzitsi. Mphunzitsi aziyenda pakati pa matebulowa."

"Kumbuyo?"

"Kulibenso. Si zimene munkafuna? Masiku ano ophunzira samangomvera. Amakhala m'magulu, kukambirana, kuphunzitsana okhaokha. Mutu umodzi susenza denga."

"Za denga musandiuze, mayi, ndimalidziwa. Tayang'anani kuno." Ndinaika cholembera changa pakati pa matebulo awiri. "Uyu ndi mphunzitsi. Awa akhala mbali inoyi akuyang'ana kuti?"

"Kwa anzawo."

"Ndiye kuti amufulatira."

Anawerama n'kuyang'anitsitsa timipando tija.

"Ine ndinapempha kuti a kumbuyo azimva," ndinatero. "Sindinapemphe kuti mphunzitsi azilankhula ndi misana. Mwana woleredwa kuno sangakhale atafulatira wamkulu amene akulankhula. Adzatembenuka. Akatembenukira mphunzitsi wafulatira anzake, ndipo tebulo lanu lozunguliralo latha ntchito."

M'ofesimo munalinso mnzake wa ntchito, bambo wa ndevu zodula bwino, amene anaphunzira naye kunja. Iyeyo anaseka mpaka kutsamira pa mpando.

"Aphunzitsi, izo n'zakale. Ana a masiku ano, a mafoni m'makutuwa? Akhoza kukufulatirani tsiku lonse osadziwa n'komwe. Kumene tinaphunzira ife maholo onse atsopano ali chonchi."

"Kumeneko ana ake ndi a kumeneko," ndinatero. "Bwerani nawo a kuno, tiyese. Loweruka, kunyumba kwa mwana wanga. Kapinga alipo wokwanira."

Mwana wanga ndinamuuza madzulo, zonse nditapangana kale. Anangogwira m'chiuno n'kunena kuti, "Ababa, inu ndiye ayi."

Loweruka m'mawa mayi wa mapulani anafika ndi tepi yoyezera, ndipo minibasi inatsitsa pa geti gulu la ophunzira enieni a pakoleji paja, a majinzi ong'ambika m'mawondo ndi mafoni m'makutu, monga momwe wa ndevu ananenera. Makoma a holo tinawajambula pa kapinga ndi phulusa la m'mbaula. Matebulo ozungulira a pabwalo tinabwereka kwa anansi, alonda awo akuwadutsitsa pamwamba pa mpanda. Mipando ina itatsala yopanda anthu, tinakhazikapo akazi anga, mwana wanga, wa ndevu uja, ndi bambo amene amasamalira maluwa pakhomopo, munthu wachikulire, mkulu wa mpingo kumudzi kwawo. Iwo anayamba akana, akuti sukulu anaisiya kalekale, koma akazi anga anawagwira dzanja.

Ndinasankha phunziro losavuta: kupeza kutalika kwa mtengo poyeza mthunzi wake. Pakona pa bwalolo pali jakaranda wamkulu. Ndinaima pakati, ndinakonza kukhosi, n'kunena, "Mwadzuka bwanji nonse?"

Sindinamalize n'komwe. Mipando inayamba kulira. Onse amene anandifulatira anatembenuka nthawi imodzi, ena ndi mpando womwe, ena khosi lokha. Mafoni anatuluka m'makutu popanda wowauza. Ndinayenda kupita mbali ina, monga mapulani ankanenera. Amene anali atangotembenuka kumene anapezeka kuti andifulatiranso, ndipo anatembenukanso, mawondo akugundana ndi a anzawo. Mtsikana mmodzi anayesa kulimba mtima, n'kukhalabe choyang'ana gulu lake. Akazi anga anamukoka mpando.

"Iwe, tembenuka. Sukuona kuti bambo akulankhula?"

"Koma amayi, atiuza kuti tiziyang'anizana."

"Akuuza ndani? Kwanu amatero?"

Bambo a maluwa ndiwo anatimaliza. Iwo sankatembenuza mpando ayi. Ndikasuntha, ankaunyamula n'kuzungulira nawo tebulo lonse mpaka kukafika pamene angandione kumaso, n'kukhala mwaulemu manja pa mawondo. Ndikasunthanso, ankanyamukanso. Atazungulira mokwanira anauika pambali mpandowo n'kukhala pa kapinga.

"Pepani, Aphunzitsi," anatero, "sukulu yamakonoyi ikundichititsa chizungulire."

Mlonda wa pa geti anaseka mpaka kugwira chipata. Mayi wa mapulani misozi inali mbwembwembwe ndi kuseka. Ine ndinaloza wa ndevu uja, amene khosi lake linali litapotoka ngati la nkhuku yoyang'ana kabawi.

"Inu bambo ophunzira kunja, mwatani? Khalani bwinobwino, mundifulatire."

"Sizikutheka, Aphunzitsi," anatero akusisita khosi. "Thupi likukana lokha."

Sindinanene kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ndinangoyang'ana kumwamba kuti aliyense awakumbukire yekha.

Koma tsikulo linali lisanathe. Nditafotokoza njira yake, ndinapatsa tebulo lililonse ndodo ndi chingwe, n'kuchoka kukaima pa khonde. Pamenepo ndiye ndinaona chimene mayi uja ankanena. Nditangochoka pakati, matebulo anadzuka. Anthu anaweramirana, mitu pamodzi, kukangana, kulandana cholembera. Mtsikana wokokedwa mpando uja ankafotokozera anyamata awiri pojambula ndi chala pa tebulo. Wina amene m'holo yakale akanakhala duu kumbuyo anali kufunsa anzake mosaopa, "Tabwereza, sindinamve." Gulu la bambo a maluwa linapeza kuti jakaranda ndi wamtali kuposa nyumba zonse za ku City Centre, ndipo iwo anakana kwamtuwagalu, akuti mtengowo amausadzira okha. Anabwereza, napeza pamene anasokoneza.

Gulu loyamba kupeza yankho linali la akazi anga. Mayi amenewa takhala nawo zaka zonsezi, achapa malaya anga a choko osawerengeka, koma anali asanakhalepo m'kalasi mwanga. Anaimirira, chingwe m'manja, n'kunena yankho mokweza.

"Mwakhoza, mayi," ndinatero.

"Basi? Zimene munkabwera nazo mutu ukupweteka zija n'zimenezi?"

Tikumwa tiyi pa khonde ndinamuuza mayi wa mapulani kuti za magulu zija ndazivomera ndi mtima wonse. M'holo yakale ndinkaona nkhope za kutsogolo zokha, ndipo sindinkadziwa kuti ophunzira angaphunzitsane chonchija. Koma za misana sindinasinthe.

 Anasiya kapu yake, n'kupita pa kapinga. Anachotsa tebulo limodzi, anajambula ndi phulusa mzere wozungulira pamene linali, anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anafufuta mbali imodzi ndi nsapato. Panatsala chinthu chonga mwezi wongooneka kumene.

"Aphunzitsi, tabwerani. Tebulo likhale lotere, lopindika, kukamwa kwake kuloze pakati pa holo. Anthu akhale kunja kwake kokha. Aziwonana onse, ndipo mphunzitsi akaima pakati kapena akalowa m'kamwamu, palibe womufulatira."

Tinasanja mipando motsatira phulusalo. Ndinaima pakati. Nkhope zokhazokha. Ndinayenda uku ndi uku, palibe mpando unalira. Bambo a maluwa anakhala phee, maso okha akunditsatira.

"Iyi ndiye sukulu," anatero.

Wa ndevu anati matebulo otere adya malo ambiri, holo iyenera kukula m'mbali, ndipo a komiti adzavuta. Ndinamuuza kuti komiti andisiyire ine. Lolemba ndinalemba kalata yothira ndemanga pa mapulani atsopanowo. Sanaiyankhe, koma mapulani anawavomereza.

Ntchito yomanga itayamba ndinkapitako Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti. Anandipatsa chisoti changachanga. Ndinaona ndi maso anga chofunda chija chikulowa pansi pa malata, ndipo ndinachigwira ndi manja kuti nditsimikize. Nditapeza kuti chitseko china chikutsegukira m'kati ndinalemba, ndipo anachitembenuza. Kapitawo ankati akandiona pa geti, "Bisani zolakwika, abwera a fayilo."

Tsiku lotsegulira ndinafika molawirira, ndipo ndinapeza chinthu chimene ndimasekabe ndikachikumbukira. Anthu okonza mwambo anabwera ndi masofa a alendo olemekezeka, kapeti ndi maluwa. Analowa nazo m'holo, anaima, anazungulira, anatulukanso. Mkulu wawo, thukuta lili kamukamu, anandipeza pa khonde.

"Madala, inu mukuoneka kuti mukuidziwa nyumbayi. Kutsogolo ndi kuti?"

"Kulibe."

"Nanga mabwana tiwakhazika pati?"

"Pamene pali mpando."

Masofa anabwerera pa lole. Mabwana anakhala m'matebulo opindika aja, phewa ndi phewa ndi ophunzira, ndipo ena a iwo anaoneka kuti akusangalala kuposa mmene amasangalalira pa sofa. Zolankhula zinali zambiri. Wina anatchula "aphunzitsi athu akale amene ankatikumbutsa nthawi ndi nthawi." Nthawi ndi nthawi! Ndinangoti laponda lamphawi. Anthu anawomba m'manja, ine ndinawomba nawo, koma mumtima ndinali ndisanakhutire. Unali mwezi wotentha, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Holo iliyonse imamveka bwino m'chilimwe.

Ndinadikira mvula. Yoyamba inangowaza fumbi, sindinaiwerengere. Kenako m'mawa wina kumwamba kunada bii cha kumadzulo, mphepo inayamba kugwetsa masamba a jakaranda, ndipo ndinatenga ambulera.

"Anthu akuthawira m'nyumba, inu mukutuluka?" akazi anga anafunsa.

"Lero ndiye tsiku la mayeso, mayi."

Pofika pakoleji nsapato zinali zitadzaza madzi. M'holo munali phunziro. Ndinapempha chilolezo kwa mphunzitsi wake, mayi wachitsikana wa mawu ofatsa, amene ku Old Town akanagona ndi njala. Ndinasankha tebulo la pakona penipeni, lotalikitsitsa. Apa ndiyenera kunena kuti khutu langa lakumanzere linafa zaka zapitazo, ndipo lakumanja likutsatira. Ngati ine ndingamve, ndiye kuti aliyense angamve.

Mvula inatsika ngati yachita kutumidwa. Pa mazenera madzi ankangoti chuu, mitengo ikuwerama panja. Magetsi, posafuna kuphwanya mwambo wawo, anazima. Ndinayang'ana kudenga, mapewa nditakweza, kudikira chiphokoso chimene ndinachidziwa moyo wanga wonse wa ntchito.

Kunangomveka kanthu konga munthu akupeta mpunga kuseri kwa nyumba.

Mphunzitsi uja sanakweze mawu n'komwe. Anapitiriza kulankhula akuyenda pakati, ndipo liwu lililonse linandipeza pakona panga lili lathunthu. Kuwala kunali kokwanira kuwerenga. Kenako mnyamata wina wa tebulo la kutsidya anafunsa funso motsitsa, mwamanyazi, ndipo ndinalimva. Mtsikana wa pa njinga ya olumala, amene anakhala pakati pa anzake pa tebulo lina, anamuyankha, ndipo ndinamumvanso. Ndinayang'ana pa mazenera. Panalibe munthu woima panja ndi kope. Ndinayang'ana m'holo monse kufuna msana wofulatira mphunzitsi. Sindinaupeze.

Ndinatulutsa mpango, ndinapukuta magalasi, ngakhale kuti chonyowa sanali magalasi okha.

Nthawi ya magulu itakwana, mtsikana wokhala pambali panga anandisunthira pepala.

"Agogo, muli m'gulu lathu?"

"Ndangobwera kudzamvetsera."

"Muno mulibe omvetsera okha. Gwirani cholembera."

Ndinagwira. Linali phunziro la masamu ndithu, ndipo gulu lathu linamaliza lachiwiri. Tikanamaliza loyamba, koma anawo anakana njira yanga, akuti ndi yaitali, ndipo tinakangana kwa kanthawi. Mvula inali isanakate pamene ndinkatuluka. Pa khonde lalikulu lija ophunzira anadzaza m'mabenchi, akupitiriza mkangano wa m'kalasi. Ndinaimbira foni mayi wa mapulani ndili pomwepo.

"Mayi, ndamva."

"Mwamva chiyani, Aphunzitsi?"

"Zonse. Ndili pakona, ndi khutu limodzi, mvula ili pakati. Kawauzeni bambo anu abwere adzakhale paliponse pamene afuna."

Anakuwa ndi chimwemwe mpaka ndinachotsa foni kukhutu.

Kunyumba akazi anga anandilandira ndi thaulo ndi mawu. Nditawafotokozera anati, "Alhamdulillah. Ndiye nkhani yatha. Mafayilo aja tiyatsire mbaula." Mwana wanga anagwirizana nawo. Ngakhale mayi wa mapulani, atabwera kudzationa ndi bambo ake, amene tsopano ndi a imvi ngati ine ndipo tinakumbatirana ngati apachibale, ananena zomwezo: kuti yankho ndalandira, la njerwa ndi malata, loposa pepala lililonse.

Onsewa ndimawakonda, koma akulakwitsa. Holoyo ndi yabwino, ndipo ndikamadutsa pafupi ndimaima kuiyang'ana ngati mdzukulu. Koma nyumba siilowa m'fayilo. Ine ndinalemba kalata, ndipo kalata imayankhidwa ndi kalata inzake. Fayilo yobiriwira ija sinatsekedwe, ndipo sindingaitseke ndekha, pakuti wodandaula sadziyankha.

Choncho, mwaulemu wonse, ndikupempha akuluakulu a pakoleji paja kuti ayankhe dandaulo langa la Lolemba lachiwiri la Januwale lija, polemba, pa pepala la ofesi yawo. Mizere iwiri ikwanira: kuti kalata yanga inalandiridwa, ndi kuti a kumbuyo tsopano akumva, pakuti kumbuyoko kulibenso. Pansi pake pakhale siginecha ndi chidindo. Kumene ndimakhala akukudziwa, ndipo mlonda wa pa geti ndamuuza kale kuti wobwera ndi envelopu asamuchedwetse.